Chitsime Chosatsika Madzi

Pretoria, 6 Meyi 2023

Achimwene a Felton,

Moni kuchokera kuno kozizira. Ndikhulupirira inu, alamu a Manesi ndi ana muli bwino. Ine ndili moyo, ngakhale palibe wandifunsa. Patha milungu itatu chitumizireni katoni ija, koma kwanu kuli zii ngati ndinatumiza njoka. Yafika kapena sinafike? Lembani pamanja monga mwa masiku onse, a Mahamadi ajambule kalatayo kusitolo kwawo anditumizire pafoni. Kafoni kanu ka mabatani ndinakatayira kale chiyembekezo.

Ndibwereze nkhani, poti ndikudziwa kuti yoyamba ija munaimva ndi khutu limodzi. Bungwe lothandiza alimi lija likupereka mapampu a sola asanu okha m'dera lonse. Silifuna misozi, silifuna kalata ya abusa. Likufuna manambala osonyeza kuti chitsime chomwe munakumba kudimba chaka chatha chimakhala ndi madzi osachepera mamita atatu mpaka kumapeto kwa Okutobala. Lipoti ndilemba ine, ndisaina ine, ndipo lifike pa 15 Novembala.

M'katonimo muli zinthu ziwiri. Kachitsulo konga kandulo kali kumapeto kwa nthambo yaitali: kameneko kamalowa m'madzi. Kabokosi kotuwa kamakhala kumtunda, mukakhomere pamtengo wopingasa uja ndi kuika loko. Kachitsulo kamamva kulemera kwa madzi omwe ali pamwamba pake n'kuuza kabokosi kudzera m'magetsi. Kabokosi kamalemba nambala imodzi tsiku lililonse 6 koloko m'mawa. Nambalayo si mamita ayi, ndi mamilivolti, timiyeso ta mphamvu ya magetsi. Kuisandutsa mamita ndiye ntchito yomwe ndaiphunzirira zaka zisanu ndi chimodzi, pomwe mwana wa Sitandade 6 angaichite: mamilivolti 250 ndi mita imodzi ya madzi.

Kwa inu ndikufuna zinthu ziwiri. Choyamba, mundiyezere utali wa nthambo kuchokera pakamwa pa chitsime mpaka pa kachitsulo. Popanda nambala imeneyo sindingadziwe kuti kachitsuloko kakulankhula kali pati. Chachiwiri, kasatuluke m'madzi ngakhale tsiku limodzi. Kakauma kafa, ndipo si kanga, n'ka ku yunivesite.

Mlongo wanu woiwalidwa,
Talandira

Nachisaka, 19 Meyi 2023

Wokondedwa Talandira,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye. Kuno tili bwino, kupatula chifuwa cha mwana wathu Loyce chomwe chikuchepa tsopano. Chimanga takolola, si chambiri koma sitidandaula.

Katundu anafika bwino. Ndinachedwa kuyankha chifukwa ndinafuna kulemba ntchito itatha. Kabokosi ndakhomera, loko ndaika, kiyi ali m'thumba la Baibulo langa. Kachitsulo kali m'madzi. Nthambo tayeza ndi tepi yosokera ya Manesi, ya mita ndi theka ija, ndipo yakwana katatu ndendende. Ndiye kuti mamita anayi ndi theka. Yotsala ndi yambiri, ndaikulunga pamsomali. Chitsime chonse tinakumba mamita khumi ndi imodzi, ukukumbuka.

Anthu abwera kudzaona. A Kristina anafunsa ngati madzi sazigwira shoko, ndinamwa kapu yathunthu pamaso pawo. Mabanja onse khumi ndi limodzi a kudimba avomera kuti asamakokere ndowa mbali ya nthambo.

Usadandaule za kuuma. Ine ndili pano.

Ukaona jekete ya bwino kumeneko undikumbukire, Juni akubwera.

Ine mlongo wako,
Felton

Pretoria, 24 Meyi 2023

Achimwene,

Moni. Ndathokoza pomwa madzi m'dzina la sayansi. A Kristina muwauze kuti shoko yomwe ingawagwire pachitsimepo ndi ya nkhani zawo zomwe.

Koma mamita anayi ndi theka, m'chitsime cha mamita khumi ndi imodzi? Mwakaika pamwamba ngati kakusamba kumaso. Madzi akayamba kutsika kadzatsala pamphepo. Katsitseni, ndipo mundiuze utali watsopano.

Mwezi ukatha muzichotsa kakhadi kali m'kabokosi, mupite nako kwa a Mahamadi anditumizire manambala pa kompyuta yawo. Mwezi uliwonse, achimwene. Osati mwezi uliwonse wa ku Nachisaka, womwe umakhala ndi masiku makumi asanu ndi anayi.

Jekete ndaiona. Ikudikira manambala.

Talandira

Pretoria, 14 Ogasiti 2023

Achimwene a Felton,

Moni nonse. Juni anadutsa, Julayi anadutsa, makalata anga atatu anamira opanda ngakhale thovu. Ndinayamba kukonzekera kukauza aphunzitsi anga kuti mlongo wanga anagulitsa kabokosi kwa okonza mawailesi. Kenako dzulo manambala a miyezi itatu afika tsiku limodzi, ndi uthenga wa a Mahamadi woti kompyuta yawo inali kwa dokotala ku Mponela. Ndakhululuka, koma sindinaiwale.

Tsopano mlandu wanu. Ndinati katsitseni, simunakatsitse. Musakane, manambala akuulula. Mukanakatsitsa, madzi a pamwamba pake akanachuluka ndipo nambala ikanalumpha. Sinalumphe. Pa 18 Meyi inali 115. Pa 10 Ogasiti ili 115. Pakatipa 113, 116, 114, kumangozungulira pomwepo ngati mbuzi ya pachingwe.

Ndikanakukalipirani tsamba lonse, koma tamverani masamuwa. 115 kugawa ndi 250, tikupeza masentimita 46 a madzi pamwamba pa kachitsulo. Kachitsulo kali pa mamita anayi ndi theka. Ndiye kuti madzi akuyambira pa mamita anayi kuchokera kumtunda, ndipo pansi pake pali madzi pafupifupi mamita asanu ndi awiri. Miyezi itatu yopanda mvula, mabanja khumi ndi limodzi akutunga, madzi osatsika ngakhale chala. Achimwene, munakumba pakasupe. Kusamvera kwanu sikunawononge kanthu chifukwa chitsimecho n'chabwino kuposa eni ake.

Aphunzitsi anga anayang'ana mzere wowongokawo nthawi yaitali n'kunena kuti sanauonepo wotere. Ndinawauza kuti sanafike ku Dowa. Ndatumiza kale lipoti loyambirira ku bungwe, ndipo ayankha kuti tili pamwamba pa mndandanda. Musauze anthu, si zotsimikizika.

Funso limodzi. Kuyambira pa 9 mpaka pa 17 Julayi nambala inatsika kufika 102, kenako inabwerera pa 115 tsiku limodzi. Masentimita asanu okha, koma ndalemba kale masamba awiri ofotokoza kuti mwina ndi kusintha kwa mpweya. Kunachitika chiyani masiku amenewo? Kunali chimphepo? Anthu anatunga kwambiri?

Mlongo wanu, amene lero akunyada,
Talandira

Nachisaka, 4 Seputembala 2023

Wokondedwa Talandira,

Moni wa chimwemwe. Tonse tili bwino ndipo jekete yafika, ngakhale kuzizira kunapita.

Kalata yako ndinaiwerenga kanayi. Masamu sindinawatsate onse, koma mawu oti pamwamba pa mndandanda ndinawamva. Unati ndisauze anthu. Ndinauza Manesi yekha, ndi abusa poti ndi abusa. Dzulo pa zolengeza anandiitana kutsogolo monga mkulu wa mpingo, ndipo sindikanatha kuima pamenepo n'kumanena za ndandanda ya osesa basi. Amayi anaimba nyimbo ziwiri. Dzina lako linatchulidwa m'pemphero.

Amuna a kudimba ayamba kuumba njerwa za pokhazika thanki. Tikufuna zikwi zitatu. A Blessed apereka mitengo yawo iwiri ya bulugamu yowotchera. Ena afesa anyezi wowirikiza kawiri, akuti chaka chamawa makeni othirira apuma.

Pa mlandu wa kusamvera sindikuvomera. Zonse unanena ndikuchita, tsiku ndi tsiku, ndipo kachitsulo sikanaonepo dzuwa. Koma sitikangana pa nthawi ya chisangalalo.

Za Julayi ndidzayankha ndikakumbuka bwino.

Felton

Nachisaka, 1 Okutobala 2023

Alamu,

Muli bwanji kumeneko? Ndine Manesi. Pepani zolemba zanga, cholembera ndinasiyana nacho kalekale. Abambo a Loyce ali ku uvuni wa njerwa sabata yonse, ndiye ndati ndiyankhe ine poti mwafunsa katatu za Julayi, ndipo mtima wanga sukukhazikika. Ndikuganiza kuti wolakwa ndine.

Masiku amenewo iwo anali ku Ntchisi Boma kudwazika amalume awo kuchipatala, ndiye ntchito ya kachitsulo anandisiyira ine. Ndinachita momwe anandionetsera. M'mamawa anthu asanayambe kutunga, umakoka nthambo mpaka kachitsulo katulukire mutu, kenako umatsitsa mpaka kangomira, ndiye umayeza mkono umodzi, kuchokera pachigongono mpaka kunsonga ya chala, n'kutsitsanso pamenepo, n'kumanga. Tsiku lililonse choncho. Iwo sanajombepo, ngakhale tsiku la maliro a apongozi a mnzanga Margareta anayamba apita kuchitsime. Amati munalamula kuti madzi akamatsika tizikatsitsa kuti kasatsale pamphepo.

Ine ndinayeza bwinobwino, alamu, koma mkono wanga ndi waufupi poyerekeza ndi wawo. Ngati ndi zimenezo zasokoneza, mundikhululukire, musawauze a bungwe kuti ndi dala.

Madziwo ndiye atsikadi. Chingwe cha ndowa ndalumikiza kanayi, chomaliza ndi mpango wanga wakale. Ukaponya ndowa umayamba wadikira kuti uimve. Nthambo yanu yatsala pang'ono pamsomali, mwina mutumize ina yolumikizira. Pampuyo ifulumire, msana wanga wafika pothera. Makeni makumi anayi m'mawa, makumi anayi madzulo.

Loyce akupereka moni.

Mlamu wanu,
Manesi

Pretoria, 3 Okutobala 2023

Achimwene a Felton,

Moni, poti tinaleredwa kuti tiziyamba ndi moni.

Ndalandira kalata ya alamu. Ndinaiwerenga ndili m'laibulale, ndipo ndinaseka mpaka mlonda anabwera. Atandiyang'ana bwino anabwerera, chifukwa sikunalinso kuseka.

Masentimita 46. Tengani tepi ya alamu, muyeze kuchokera pachigongono chanu mpaka kunsonga ya chala. Musavutike kundiuza, ndikudziwa kale. Ndikudziwanso kuti wa alamu ndi 41. Kwa miyezi isanu, ndi chipangizo chochokera kutsidya kwa nyanja, ndi masamu a digiri yachiwiri, ndakhala ndikuyeza mkono wa mlongo wanga. Ndaujambulira galafu ya mitundu itatu. Ndauonetsa kwa mapulofesa. Ndalemba masamba awiri onena za mpweya wa m'mlengalenga pofotokoza kuti alamu ndi aafupi. Palibe mkono m'boma lonse la Dowa womwe wafufuzidwa mozama ngati wanu, ndipo ndikutsimikizireni kuti sukukula, sukuchepa.

Kachitsuloko kamayenera kukhala malo amodzi, achimwene. Madzi ndi omwe amayenda, iko n'kumatiuza kuti achoka patali bwanji. Inu mwakhala mukukaperekeza. Zili ngati kuyeza msinkhu wa mwana pakhoma, koma tsiku lililonse n'kumakweza pansi pomwe waima.

Ndabwerera ku kalata yanga ya pa 24 Meyi kuti ndikupezereni mlandu. Ndinalemba kuti madzi akayamba kutsika kadzatsala pamphepo, katsitseni. Ine ndinkatanthauza kamodzi, mpaka pansi. Mawu oti kamodzi mulibemo. Ndawafunafuna ngati ndalama yogwera mu udzu.

Tsopano chitani izi, ndipo ndilemba ngati ndikulembera khoti. Mawa m'mawa mukaike monga mwa masiku onse, mumange mfundo, ndipo musadzakakhudzenso. Muyeze nthambo yonse kuchokera pakamwa pa chitsime. Kenako mufufuze ngati munalembapo penapake utali wa tsiku lina lililonse: m'buku la mpingo, pakalendala, pakhoma, paliponse. Ndikapeza manambala asanu okha a masiku odziwika, mwina ndingalumikize kanthu. Alamu muwauze kuti sanalakwe. Pa tonsefe ndi okhawo omwe anena chinthu chothandiza.

Talandira

Nachisaka, 15 Okutobala 2023

Talandira,

Moni. Tili bwino m'thupi.

Mkono ndayeza. Ndi momwe wanenera.

Nthambo ndinamanga pa 6 Okutobala, tsiku lomwe kalata yako inandipeza. Tepi yakwana kasanu ndi kamodzi, n'kutsala masentimita 110. Ndiye kuti mamita khumi ndi masentimita khumi. Masamu ako ndawaphunzira tsopano, ndachita ndekha kuseri kwa envelopu. Madzi otsala sakufika mita ndi theka. Bungwe likufuna atatu.

Zolemba palibe. Unati kabokosi ndiko kamalemba, ndiye ine ndinkaona kuti kulembanso ndi kukanyoza. Manesi akuti mfundo yachiwiri ya chingwe cha ndowa anamanga sabata ya ukwati wa mwana wa a Blessed, yachitatu sakukumbuka, ndipo chingwecho chinadukapo pakati n'kufupika. Ndi zokhazo.

Tsopano ndikufuna ndilankhule nawe ngati mlongo wako wamkulu. Manambala ali m'kabokosi palibe anawapeka. Kanalemba kokha, loko ali pomwepo. Utali wa mamita anayi ndi theka unalinso woona tsiku lomwe ndinakuuza. Ukatumiza ziwirizi monga unachitira mu Ogasiti, bodza lako lili pati? Pampu ikabwera tidzakumba kuonjezera, amuna alipo. Njerwa zapsa, Talandira, zikwi zitatu ndi mazana awiri. Mitengo ya a Blessed yapita. Ine ndinaima kutsogolo kwa mpingo. Ndapemphera pa nkhaniyi ndipo sindinamve yankho loletsa, ngakhale sindinganene kuti ndinamva lovomereza.

Chinanso. Madzi akutsikabe ndipo kachitsulo katsala pang'ono kuonekera. Unati kakauma kafa. Unatinso ndisakakhudze. Ndigwire liti? Yankha msanga.

Felton

Pretoria, 5 Novembala 2023

Achimwene,

Moni. Ndachedwa milungu itatu, ndiye tsopano tafanana.

Sindinachedwe chifukwa cha ulesi. Lipoti lomwe mukulifunalo ndinalilemba. Lili pa kompyuta yanga, lokongola, mzere wowongoka ngati msewu wa kuno. Ndinaliyang'ana masiku khumi. Mkulu wa mpingo ndinu, wosapemphera mokwanira ndine, koma taonani yemwe wagwidwa ndi manyazi.

Ndinayesa njira zonse. Ndinatenga nambala ya Meyi ndi ya Okutobala n'kujambula mzere pakati, ndinaikapo ukwati wa mwana wa a Blessed ngati umboni wa sayansi. Njira iliyonse ikuthera pamodzi: madzi anadutsa malire a mamita atatu cha mu Ogasiti, mwina sabata yomwe ine ndinkanyadira kasupe. Mamilivolti ndingawasandutse mamita. Madzi omwe mulibe sindingawasandutse kanthu.

Mukuti bodza lili pati. Mu Ogasiti sindinkadziwa, ndiye kunali kupusa. Lero ndikudziwa. Ndipo pampu imeneyo simakoka ngati alamu, omwe amatopa n'kupuma. Imakoka dzuwa likangotuluka mpaka litalowa. Mita imodzi ya madzi ingaimalize isanakwane 9 koloko, kenako izikoka mphepo mpaka ipse. Tidzatsala ndi thanki youma pamwamba pa njerwa zanu, pomwe mudzi wina wokhala ndi madzi enieni unamanidwa chifukwa cha ife. Zokumba kuonjezera ndinafunsa. Akuti mukumbe kaye, muyezenso chilimwe chathunthu, mudzapemphe ngati mapampu adzakhalepo. Sanalonjeze kuti adzakhalapo.

Lachisanu ndinawalembera zoona zake. Ndinati cholakwa chinali cha malangizo anga, dzina lanu sindinatchule. Atichotsa pamndandanda. Mayi wa ku ofesi yawo anayankha mwaulemu kwambiri, moti ndikanakonda akanandinyoza.

Pali china choti ndiulule. Kachitsuloko sikafa kakauma. Kamangolemba ziro. Ndinakuopsezani dala mu Meyi chifukwa ndinkaganiza kuti mukapanda kuopa simusamala. Ndinaiwala kuti ndinu munthu amene munasunga mbuzi ya malemu amayi mpaka inafa ndi ukalamba. Kasiyeni pomwe kali.

Alamu sindikudziwa kuti ndiwalembere chiyani. Ndayamba kanayi.

Talandira

Nachisaka, 21 Novembala 2023

Wokondedwa Talandira,

Moni. Tili bwino. Mvula sinabwere, mitambo ikungodutsa kupita ku Ntchisi.

Kachitsulo kanatuluka m'madzi pa 20 Okutobala, kalata yako isanafike. Ndinamvera lamulo lachiwiri, loti ndisakakhudze. Kwa masiku oposa khumi ndi asanu ndinkadziwa kuti ndapha katundu wa yunivesite, ndipo ndinali nditayamba kufunsa mtengo wa njinga yanga. Ukanandiuza msanga. Pa zonse, ichi chokha ndiye ndakusungira kukhosi.

Lamulungu ndinaimanso kutsogolo. Ndinanena kuti pampu sibwera, ndipo wolakwa ndine. Nyimbo panalibe. A Blessed anandipatsa moni potuluka, sanatchule mitengo, ine ndiye ndinalephera kuwayang'ana. A Kristina anafunsa ngati tinafunikadi kabokosi ka kunja kuti katiuze zomwe chingwe cha Manesi chimadziwa. Anyezi wowonjezera uja ena ayamba kuzula, sangathe kuthirira yense. Njerwa taziphimba ndi udzu.

Manesi akuti usavutike kulemba. Akuti ukadzabwera pa Khirisimasi keni yachiwiri ilipo.

Ine m'mamawa ndimapitabe. Miyendo inazolowera. Ndimafika, ndimasuzumira, kali pomwepo kakulendewera, madzi ali pansi pake. Dzanja limapita lokha pa nthambo, ndiye ndimaliika m'thumba.

Dzulo ndinapita ndi kakhadi kwa a Mahamadi poti mwezi wakwana. Akutumizira. Ndinaona pa kompyuta yawo, ndi ziro yekhayekha kutsika mpaka pansi pa tsamba. Ndayesa kugawa ndi 250 monga unandiphunzitsira, koma sizikundiuza kuti madzi atsala angati. Ukapeza nthawi undiwerengere.

Ine mlongo wako,
Felton